Kusankha majeti a kabuleta mutakulitsa injini ya njinga yamoto yakale

Njinga yamoto ikatopa n'kuyamba kufuka utsi, ambiri kuno ku Dedza sagulanso buloko ya saizi yakale. Amati poti tamasula kale, bola tingoikiratu ya 150 pamene panali ya 125, kuti izikwera mitunda ndi matumba a kachewere osavutika. Ganizolo n'labwino ndithu. Pamene zinthu zimasokonekera ndi pa kabuleta. Ena saikhudza n'komwe: amamanga buloko, pisitoni ndi maring'i atsopano, kuliza, basi ulendo ku siteji kukadikira makasitomala. Ena amaitsegula n'kuponyamo jeti (kachitsulo ka bowo kodutsira petulo) yaikulu kuposa onse amene awapeza m'shopu, ati injini yaikulu imadya kwambiri. Woyambayo waika pisitoni yake yatsopano pa chiswe, chifukwa petulo akachepa injini imatentha mopitirira. Wachiwiriyo azikhalira kuthira mafuta, pulagi izida mwaye, ndipo petulo wosapsa azitsuka oyilo m'silinda maring'i asanakhazikike.

Nambala ya jeti yoyenera njinga yanu simungaiwerengere pa pepala kuchokera ku ma cc, ndipo imene inagwira pa njinga ya mnzanu wa ku Salima si yanu. Muipeza pa msewu, poyambira pa jeti yokulirapo n'kumatsika pang'onopang'ono, kusintha chinthu chimodzi nthawi iliyonse. Zida zake n'zochepa: sikuludiraiva ya mlomo wotakata, sipanala ya pulagi, mapulagi atsopano awiri kapena atatu, majeti angapo otsatizana manambala, tepi, ndi kope lolembamo.

Mwakulitsa motani?

Yambani ndi funso limeneli, chifukwa ena akuvutika ndi majeti pamene sipafunika kutero. Injini ya Honda CG125, imene mafakitale a ku China anatengerako popanga njinga zambiri zimene zili pa kabaza, ili ndi silinda ya mamilimita 56.5 m'mimba mwake, ndipo pisitoni imayenda mamilimita 49.5 pokwera ndi potsika. Zimenezi zimapereka 124cc. Mukapita nayo kokabowa n'kuika pisitoni yokulirapo ndi mamilimita 0.50, mwafika pa 126cc. Ngakhale ya 1.00 imalekezera pa 128cc ndi theka. Kubowa kotereku sikufuna jeti ina. Tsukani kabuleta, konzani sikuluwu ya idling, mwamaliza.

Nkhani imasintha mukaika buloko ya mamilimita 62. Pamenepo injini yafika 149cc, yakula ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Hedi ikakhala yomwe ija, ndipo pisitoni ikakhala yofanana mutu ndi yakale, kachipinda koyakiramo moto sikanakule koma mpweya wopanikizidwamo wachuluka. Injini imene inali ndi compression ya pafupifupi 9:1 itha kudutsa 10:1. Mphamvu imawonjezereka, kutentha nakonso kumawonjezereka, ndipo injini yotere siikhululuka petulo akachepa. Pongodutsa: layisensi ya A1 imalekezera pa 125cc, choncho njinga ikadutsa pamenepo ganiziraninso za mapepala anu.

Tsono wina anganene kuti injini yakula ndi 20 pa 100, jeti ikulenso chimodzimodzi. Ayi. Kabuleta siikankha mafuta. Mpweya ukamathamanga pakhosi pa kabuleta ndi umene umayamwa petulo kudzera mu jeti. Pisitoni yaikulu imakoka mpweya wambiri pa khosi lomwe lija, mpweyawo umathamanga kwambiri, ndipo umayamwa petulo wambiri pa jeti yomwe ija. Kabuleta imadziwonjezera yokha mbali yaikulu ya mafuta amene injini yatsopano ikufuna. N'chifukwa chake njinga zambiri zimene zangosintha buloko, eyakilina ndi ekizozi zili zakale, zimakhazikika pa jeti yokwera sitepe imodzi kapena awiri (sitepe ndi nambala yotsatira ya jeti), ndipo zina zimabwerera pa nambala yakale yomwe. Chimene chimasuntha jeti kwambiri ndi kuchotsa bokosi la eyakilina kapena kuboola ekizozi kuti izilira. Ngati mwachita zimenezo pamodzi ndi buloko, yembekezani kukwera masitepe ochulukirapo.

Musanagule jeti iliyonse

Pa njinga zambiri zimene eni ake amati zikuvuta jeti, vuto silikhala jeti. Onani labala ya manifodi pakati pa kabuleta ndi hedi. Ikang'aluka kapena gasiketi yake ikaphwanyika, injini imaba mpweya pamenepo, ndipo mutha kusintha majeti mpaka kutopa osaona kusintha. Chizindikiro chake n'chakuti mukapatsa moto n'kusiya, injini imachedwa kutsika, imangolira pamwamba. Mavalavu muwaike bwino injini ili yozizira. Pa CG125 mpata wake ndi mamilimita 0.08, ndipo pa njinga zina tsatani buku lake. Siponji ya eyakilina muichape, iume, muipake oyilo pang'ono n'kufinya. Fumbi la misewu ya ku Linthipe, Mayani kapena Tsangano m'chilimwe limatseka siponji msanga, ndipo siponji yotsekeka imanamiza ngati jeti yakula.

Kenako fuloti, imene imasunga mulingo wa petulo m'kabuleta. Lumikizani kapaipi koonekera m'kati pa potulutsira petulo pansi pa kabuleta, kapindireni m'mwamba pambali pake, masulani sikuluwu yotulutsira njinga ili chilili. Petulo ayenera kuima pafupi ndi pamene kambale ka pansi kamakumana ndi thupi la kabuleta. Akaima pamwamba kwambiri njira zonse zimachulukidwa mafuta, akaima pansi zonse zimachepekedwa. Onaninso kuti petulo akutsika bwino kuchokera mu thanki. Kasefa kotsekeka pa kampopi ka mafuta kamachititsa njinga kufa mphamvu mukathamanga nthawi yaitali, ndendende mmene imachitira jeti ikachepa.

Ndani akugwira ntchito pati

M'kabuleta muli njira zitatu zazikulu za mafuta, ndipo chimene chimasankha njira si liwiro la njinga kapena giya, koma mmene mwapotokolera akiseleta. Kuyambira yotseka mpaka kota, ntchito ndi ya pilot jet ndi sikuluwu yake. Kuyambira kota mpaka makota atatu, ndi ya singano imene imalendewera pa silaidi, chitsulo chimene chimakwera n'kutsegula khosi la kabuleta mukapotokola akiseleta. Kuchokera pamenepo mpaka moto wonse, ndi ya main jet. Zimalowererana pang'ono m'malire, koma kugawa kwake n'komweko.

Choncho matani tepi pa chogwirira cha akiseleta ndi ina pa bokosi la maswichi loyandikana nacho. Lembani mzere pamene yatsekera, wina pamene yathera, wina pakati, kenako makota. Zimaoneka zachibwana, koma popanda mizereyi mumangoganizira. Anthu ambiri amalumbira kuti anali pa moto wonse pamene dzanja linali pa theka, ndiye amasintha main jet pa mlandu wa singano.

Kuwerenga jeti yakale ndi kugula ena

Tsekani kampopi ka petulo, tulutsani wotsala m'kachitini, masulani kambale ka pansi. Yalani nsalu yoyera poikapo tizitsulo, osati pa dothi. Pakati penipeni muona kachitsulo kamkuwa kolunjika pansi, ndiye main jet. Pambali pake, m'kabowo kozama, muli kena kowonda ndi kotalikirapo, ndiye pilot jet. Mkuwa ndi wofewa. Sikuludiraiva ikhale yodzaza bwino mu mpata wake, apo ayi mlomo wa jeti uphwanyika ndipo tizidutswa tigwera pa bowo. Nambala imadindidwa pamutu kapena pambali, tizilembo tating'ono kwambiri, nthawi zambiri titakutidwa ndi zobiriwira za petulo wakale. Pukutani, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Lembani manambala onse awiri m'kope.

Pa makabuleta a Keihin ndi ofanana nawo olembedwa PZ, nambala ya main jet ndi kukula kwa bowo: 105 ndi mamilimita 1.05. Manambala ake amayenda chonchi: 98, 100, 102, 105, 108, 110, 112, 115, 118, 120. Ma pilot jet ofala ndi 35, 38, 40 ndi 42. Musanyozere kusiyana kwa manambalawa. Petulo amadutsa molingana ndi malo onse a bowo, choncho kuchoka pa 100 kufika pa 105 n'kuwonjezera pafupifupi 10 pa 100, ndipo kufika pa 110 n'kuwonjezera 21 pa 100. Majeti a Mikuni ali ndi mawerengedwe awo, ndipo a makona asanu ndi imodzi amawerengedwa potengera kuchuluka kwa mafuta odutsa, osati kukula kwa bowo. Nambala 110 ya Mikuni si 110 ya Keihin, ndipo mazinga ake sagwirizana.

Pitani ku shopu ndi jeti yakale m'thumba. Wogulitsa akakutulutsirani kamodzi n'kunena kuti, "Bwana, ya 150 ndi imeneyi," mufunseni nambala. Palibe jeti ya 150. Muuzeni kuti, "Achimwene, yanga ndi 100, ndipatseni 102, 105, 108 ndi 110 za mazinga ngati awa." Yesetsani kuti onse akhale a paketi imodzi kapena a wopanga mmodzi, chifukwa majeti otchipa a opanga osiyana samvana: 105 ya uyu itha kukhala yaikulu kuposa 108 ya uyo. Akasowa pa boma, ku Lilongwe amapezeka. Tenganinso pilot jet imodzi yokwera sitepe imodzi.

Za kukuza bowo ndi waya wa buleki kapena singano yosokera, zisiyeni. Bowo limatuluka lopotoka, simudziwa kuti lakula bwanji, ndipo simungalibweze. Choipa china n'chakuti nambala yodindidwayo imatsala ikunama, ndiye makaniko wodzabwera pambuyo adzasokonezeka. Ngakhale potsuka, gwiritsani ntchito mankhwala otsukira kabuleta ndi mpweya wa pampu.

Poyambira, ndi masiku ozoloweretsa injini

Tiyerekeze kuti munapeza 100. Ngati eyakilina ndi ekizozi n'zakale, mangani 105. Ngati munatsegula zimenezo, yambani ndi 110. Cholinga n'chakuti muyambire mbali ya mafuta ochuluka, chifukwa kulakwitsa kwa mbali imeneyo kumadetsa pulagi basi, pamene kwa mbali inayo kumaboola pisitoni. Singano muisiye pamene inali.

Main jet simungaiyese tsiku lomwelo, chifukwa kuiyesa kumafuna moto wonse ndipo maring'i atsopano sanagone. Yendani makilomita pafupifupi 500 mosinthasintha liwiro, osapitirira makota atatu, osanyamula katundu wolemera, ndipo sinthani oyilo msanga kuti tizitsulo topalika tichoke. M'masiku amenewa konzani za pansi.

Tenthetsani injini poyenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, osati kungoiliza itaima. Kenako pezani sikuluwu yosakaniza, osati ya idling imene imakankha silaidi. Malo ake amakuuzani ntchito yake. Ikakhala mbali ya injini, kawirikawiri pansi pa kabuleta, ndi ya petulo: kumasula n'kuwonjezera mafuta. Ikakhala mbali ya eyakilina ndi ya mpweya: kumasula n'kuchepetsa mafuta. Injini ili yozima, imangeni mofatsa mpaka ingogunda, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, n'kulemba. Osaikakamiza, nsonga yake imathyoka. Ibwezeni pamene inali, lizani injini, kwezani idling pang'ono. Tsopano zungulizani kota, dikirani masekondi angapo, mverani. Pitirizani mbali imene injini ikukwera mawu mpaka iyambe kutsika, bwererani pamene inalira mokweza ndi mosalala, kenako tsitsani idling ifike pafupifupi 1,400 pa mphindi.

Werengani pamene sikuluwu yathera. Ya mpweya ikakoma isanakwane kuzungulira kamodzi, pilot jet yachepa, ndipo ikafuna kupitirira kawiri ndi theka, yakula. Ya petulo ikafuna kupitirira katatu, pilot jet yachepa, ikakoma itatsala pang'ono kutsekeka, yakula. Palinso zizindikiro za m'mawa. Njinga imene imalira kamodzi popanda choke m'mawa wa June pa Dedza, anthu amaiyamikira, koma kawirikawiri imeneyo ili ndi mafuta ochuluka pansi. Imene imafuna choke nthawi yaitali, n'kumazima mukangopatsa moto pang'ono, yachepekedwa.

Main jet

Injini itazolowera, sankhani msewu woongoka wokwera pang'ono, kumene mungagwire moto wonse kwa masekondi makumi awiri kapena makumi atatu. Mtunda umathandiza chifukwa injini imagwira ntchito yolemera liwiro lisanakwere kwambiri. Pa M1 pali malo otere, koma pewani pafupi ndi misika monga Lizulu, Chimbiya ndi Tsangano turn-off, ndipo sankhani nthawi imene mathiraki achepa. Khwekhwelere, msewu wotsika phiri kupita ku Golomoti, si malo oyesera moto wonse, makona ake ndi akuthwa. Valani chipewa, yendani nokha, ndipo gwiritsani ntchito malo omwewo pa mayeso onse kuti muzifananiza zinthu zofanana.

Mverani injini kaye. Jeti ikakula, pa moto wonse injini imachita chibwibwi, siimaliza kukwera mawu, ndipo ku ekizozi kumanunkha petulo, nthawi zina ndi utsi wakuda. Ikachepa, injini imalira mouma, imakoka n'kusiya, ndipo imatentha msanga. Pali kayeso kosavuta: muli pa moto wonse mu giya yachinayi kapena yachisanu, bwezani akiseleta pang'ono chabe. Njinga ikakhala ngati yapeza mphamvu pobwezapo, main jet yachepa. Ikadodoma kaye isanakhazikike, yakula. Kena ndi ka choke. Ikokeni pang'ono muli pa moto wonse: njinga ikathamanga bwino, ikupempha mafuta, ikabanika nthawi yomweyo, mafuta alipo okwanira kapena ochuluka.

Kenako pulagi. Fikani pa malo oyeserawo injini itatentha ndi pulagi yakale, imani, mangani yatsopano. Pa CG125 ndi zofanana nayo ndi NGK D8EA, mpata wa mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Nyamukani, lowetsani magiya msanga, gwirani moto wonse mpaka pamwamba pa mtunda. Pamenepo chitani zitatu nthawi imodzi: finyani kilatchi, zimitsani injini, tsekani akiseleta. Imani ndi mabuleki injini ili chete. Mukailola kulira pa idling ngakhale pang'ono, kapena mukabwerera nayo kunyumba, pulagi ikuuzani za pilot jet ndi singano, osati za main jet.

Masulani ndi nsalu, imawotcha. Musangoyang'ana nsonga. Unikani ndi tochi ya foni m'kati, pansi penipeni pa choyera cha pakati pa pulagi pamene chimakumana ndi chitsulo. Mukufuna kuona kamzere kozungulira kofiirira ngati tiyi wothira mkaka. Mzere wakuda, wotakata, wa mwaye wouma, ndiye kuti jeti yakula. Kukakhala mbee mpaka pansi popanda kamzere, yachepa. Petulo wa masiku ano alibe mtovu ndipo sapaka pulagi mtundu msanga, choncho nsonga yoyera pa pulagi yatsopano isakuopseni payokha. Choopsa ndi timadontho tonyezimira ngati siliva kapena takuda tomatirira pa choyeracho, kapena waya wa pulagi wooneka wosungunuka m'mphepete. Timadonthoto ndi pisitoni yanu imene ikunyenyeka. Zikatero, kapena mukamva injini ikulira tiki-tiki-tiki pa mtunda, lekani mayeso. Kwezani jeti masitepe awiri, ndipo kulirako kukapanda kutha, vuto ndi compression kapena taimingi. Gasiketi yokhuthala pansi pa buloko imatsitsa compression. Pulagi yonyowa oyilo ndi nkhani ina, ya maring'i kapena masilu a mavalavu, jeti siingaichize.

Ngati 105 ikuchita chibwibwi, tsikirani pa 102 n'kubwereza zonse. Ngati ikukoka bwino, yesani 108 kuti muone ngati ikhala bwino koposa. Mukufuna kupeza jeti yaikulu kwambiri imene injini imakoka nayo mosalala mpaka pamwamba. Njira yake n'kukwera mpaka chibwibwi chiyambe, kenako kutsika sitepe imodzi. Musasinthe singano kapena sikuluwu pakati pa mayesowa.

Mapiri athu ndi chigwa

Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, ndipo Golomoti ndi Mtakataka sizili pamwamba kwambiri kuposa pamenepo. Mpweya wa pa boma ndi wopepuka: mphamvu yake yopanikiza ndi yochepa ndi pafupifupi 17 pa 100 poyerekeza ndi ku Beira kapena Dar es Salaam, ndiponso ndi pafupifupi 12 pa 100 poyerekeza ndi ku chigwa kwathu komweku. Mpweya ukapepuka, jeti yomweyo imapereka mafuta ochuluka kuposa amene mpweyawo ungawotche. Tanthauzo lake n'lakuti jeti ya ku fakitale, imene inasankhidwira malo otsika, kuno inali kale yokulirapo pang'ono, ndipo manambala amene mumawaona pa YouTube kapena m'magulu a pa Facebook kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere adzakhala aakulu kwa inu. Musadabwe mukamaliza pa 102 pamene iwo akunena 110. Ndipo dziwani kuti mphamvu imene phiri lachotsa, jeti siingabweze. Kuwonjezera petulo pamene mpweya palibe kumangofooketsa njinga.

Msampha uli pa ulendo wotsika. Kabuleta siisintha mafuta mofanana ndendende ndi mpweya, koma pafupifupi theka lake, ndiye kusiyana kwa boma ndi Golomoti kumakwana pafupifupi sitepe imodzi ya Keihin. Njinga imene mwaichepetsera mafuta mpaka pamalire pa Dedza kapena Tsangano, ikatsika Khwekhwelere n'kugwira msewu wa M5 kulowera ku Mua ndi Mtakataka, itanyamula anthu awiri ndi thumba, ikhala ikuyenda mochepekedwa, pa msewu woongoka umene dzanja silibwerera, m'dera lotentha limene injini siizizira bwino. Kutentha kwa ku chigwa kumapepukitsa mpweya pang'ono n'kuchepetsako vutolo, koma osalithetsa. A ku Ntcheu amene amatsikira ku Kasinje, Sharpevale ndi Bwanje nkhani ndi yomweyo.

Ine ndimati sankhani jeti potengera malo otsika kwambiri amene mumafikako ndi katundu. Ngati ntchito yanu yonse ndi ya pamwamba, Bembeke, Lizulu, boma, khalani pa imene mayeso akupatsani. Ngati mumatsika ku chigwa sabata iliyonse, onjezani sitepe imodzi n'kulolera kuti pa phiri izidya mafuta pang'ono. Kenako katsimikizeni komweko: tengani pulagi yatsopano, bwerezani mayeso aja pa msewu wa ku chigwa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho jeti imene mwaisankha masana a October idzakhala yochepekedwa m'mawa wa June ndi July. Mukayesa m'nyengo yotentha, musatsike mpaka pamalire. Petulo wa m'mafilingi siteshoni a m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol yochokera ku nzimbe, imene dziko lino linayamba kupanga ku Dwangwa mu 1982. Petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, ethanol pa magawo pafupifupi 9, ndiye wosakanizayo amafuna jeti yokulirako pang'ono. Kuno kumalire ndi Mozambique anthu amathira uku ndi uku, wa pa pampu lero, wa m'botolo mawa. Pa masiku a mayeso thirani wa malo amodzi, umene mumagwiritsa ntchito nthawi zambiri.

Singano

Pano ndi pamene wa kabaza amakhala tsiku lonse, pakati pa kota ndi makota atatu, ndipo ndalama ya mafuta imapulumuka kapena kuthera pomwepa. Ichiteni main jet itakhazikika. Yendani dzanja lili pa mzere wa theka osasuntha, pa msewu wosalala kenako pa mtunda. Njinga ikamakoka n'kusiya, kapena ikati bwoo ngati izima mukatsegula kuchoka pa kota, mafuta achepa. Ikamachita chibwibwi n'kuyera mawu pokhapokha mutatsegula kwambiri, achuluka.

Masulani chivindikiro cha pamwamba pa kabuleta, solorani silaidi, panikizani sipuling'i n'kuchotsa kebulo. Singano ili ndi timipata, kawirikawiri tisanu, ndi kakilipi pa kamodzi mwa ito. Apa ambiri amatembenuza: kutsitsa kakilipi kumakweza singano, ndiye mafuta amachuluka, kukweza kakilipi kumatsitsa singano, mafuta amachepa. Sunthani kampata kamodzi basi. Chotserani kakilipiko m'kati mwa jumbo yoonekera, chifukwa kakadumpha simukapezanso. Singano yopanda timipata imakwezedwa ndi kawashala kopyapyala, ka theka la milimita, pansi pa mutu wake. Pobweza silaidi onetsetsani kuti mpata wake wautali walowa pa kamsomali ka m'kati ndipo mbali yosemedwa yayang'ana ku eyakilina. Potokolani akiseleta injini isanalire, mumve silaidi ikugwa yokha kuti kha. Pa njinga yakale kwambiri yang'anani ngati singano yadyeka kapena bowo lake lasanduka lamzungulo wosalingana. Zikatero pakati pazichuluka mafuta zivute zitani, ndipo mankhwala ake n'kugula zatsopano zonse ziwiri.

Mukamaliza singano bwererani ku sikuluwu yosakaniza, muikonzenso injini ili yotentha. Ekizozi ikamaombera pho-pho-pho potsetsereka akiseleta ili yotseka, onani kaye gasiketi ya pamene ekizozi imagwira hedi. Ikakhala yabwino, onjezani mafuta kota pa sikuluwu.

Za thu sitiroko ndi za kabuleta yaikulu

Amene muli ndi Yamaha DT125, AG100 kapena Suzuki TF125, zija zinkayenda ndi alangizi ndi a mapulojekiti, ndondomeko ndi yomweyi koma malire ake ndi opapatiza. Thu sitiroko ikachepekedwa mafuta siichenjeza nthawi yaitali, imangogwira pisitoni tayala la kumbuyo n'kukhukhuluza. Yambirani masitepe atatu kapena anayi pamwamba, chala chikhale pa kilatchi pa mayeso onse, ndipo mukapeza yokoma khalani sitepe imodzi pamwamba pake. Masilu a kilankishafuti akatha amalowetsa mpweya ngati manifodi yong'aluka, asintheni musanayambe. Ngati munachotsa pampu ya oyilo n'kumasakaniza mu thanki, oyiloyo akudutsa pa jeti yomweyo n'kulanda malo a petulo. Sankhani muyezo umodzi, kaya mamililita 25 kapena 30 pa lita, n'kuusunga. Kuthira mongoyerekeza ndi chivindikiro cha botolo n'kusintha jeti tsiku lililonse osadziwa.

Pomaliza pali chiyeso chogula kabuleta yaikulu, PZ30 pamene panali PZ26. Pa injini ya 149cc ya hedi yakale, khosi lalikulu limachedwetsa mpweya pa moto wochepa, ndiye njinga imafooka ponyamuka ndi katundu, pamene phindu lake limangooneka pa liwiro lapamwamba limene wa kabaza safikapo kawirikawiri. PZ26 kapena PZ27 imakwanira. Mukasankhabe kusintha, manambala onse amene munapeza atha ntchito, muyambiranso pa pilot jet. Zimene mwakhazikikapo, main jet, pilot jet, kampata ka singano, mazungulidwe a sikuluwu, mwezi ndi malo amene munayesera, zilembeni ndi penti kapena maka kunsi kwa mpando, kuti makaniko wotsuka kabuleta ulendo wina abweze zinthu mmene anazipezera.